Mudzi wa Akhate ku Mua

Kale munthu wa ku Chinguluwe akaona banga loyezuka pakhungu lake, banga losamva kuwawa ngakhale alibaye ndi minga, ankalibisa ndi nsalu. Ankadziwa kuti likadziwika kuti ndi khate, anzake adzaleka kudya naye m'mbale imodzi.

Khate limadza ndi kachilombo kakang'ono kosaoneka ndi maso. Amene anayamba kukaona ndiye Gerhard Hansen, dokotala wa ku Norway, m'chaka cha 1873. Koma kukaona sikunali kukagonjetsa. Tsono popeza mankhwala panalibe, anthu anaganiza kuti nzeru ndiyo kupatula odwala.

Kumwera kwa Salima, m'tsinde mwa mapiri a Dedza, kuli mishoni ya Mua imene ansembe a White Fathers anaikhazika mu 1902. Mu 1927 anatsegulapo mudzi wa akhate. Kuchokera ku Chinguluwe unali ulendo wa masiku angapo woyenda pansi, ndipo wopita kumeneko ankasiya munda ndi abale osadziwa tsiku lobwerera. Odwala ankakhala m'nyumba zawozawo. Amene anali ndi mphamvu ankalima, ndipo zilonda zawo zinkatsukidwa ndi kumangidwa. Mankhwala ake anali mafuta a mtengo wa ku India wotchedwa chaulmoogra, amene ankawabaya pakhungu kwa miyezi ndi zaka. Jekeseniyo inkapweteka kwambiri, ndipo ochira kwenikweni anali owerengeka. Choipa china n'chakuti mantha a kupatulidwa ankachititsa ambiri kubisala, nafika kuchipatala zala zitatha kale.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1950 pamene panafika mibulu ya dapsone, yomwe munthu ankangomeza. Pambuyo pake antchito a bungwe la LEPRA anayamba kuyenda m'midzi ndi mibuluyo, kotero kuti wodwala ankalandira mankhwala ali kwawo. Mu 1981 bungwe la zaumoyo la dziko lonse linalangiza kuphatikiza mankhwala awiri kapena atatu, ndipo tsopano khate limachira m'miyezi 6 kapena 12. Kunadziwikanso kuti matupi a anthu ambiri salola nthendayi, ndi kuti woyamba kumwa mankhwala sachedwa kuleka kupatsira anzake.

Mu 1994 odwala khate m'Malawi anachepa mpaka sanafike mmodzi mwa anthu 10,000. Komabe nthendayi ikupezekabe, ndipo mankhwala amapha kachilombo kokha. Chala chimene chinaduka sichimeranso.