Toyota ya pa Ngabu idabadwira m'thonje

Munthu akaima pa siteji ya Ngabu m'mawa n'kuyamba kuwerenga galimoto zopita ku Nchalo, Bangula ndi Nsanje, atopa ndi dzina limodzi. Sienta, Probox, minibasi ya Hiace, zonsezi n'za Toyota. Koma ndi ochepa mwa alimi a thonje omwe amapanikizana m'galimotozi amene amadziwa kuti kampaniyi idayamba ndi makina owombera nsalu za thonje.

Mwini nkhani ndi Sakichi Toyoda, mwana wa kalipentala yemwe adabadwa m'chaka cha 1867 ku Japan. Mkuluyu adakula akuona amayi a m'mudzi mwawo akuvutika kuwomba nsalu pamanja, ndipo moyo wake wonse adauthera pokonza makina opeputsa ntchitoyi. Pofika mu 1924 adatulutsa makina otchedwa Type G. Ubwino wake udali woti ulusi ukangoduka, makinawo amaima okha, choncho nsalu siinkawonongeka ndipo munthu mmodzi amatha kuyang'anira makina ambiri.

Mu 1929 kampani ya ku England ya Platt Brothers idagula chilolezo chopanga makinawa pamtengo wa mapaundi 100,000. Sakichi adamwalira chaka chotsatira, koma mwana wake Kiichiro mtima udali pa galimoto. Mu 1933 adatsegula nthambi ya galimoto m'kati mwa fakitale ya makina a nsalu, mu 1935 adatulutsa lole yoyamba, ndipo mu 1937 Toyota Motor Company idaima payokha.

Zinthu sizidayende myaa. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, ndalama zidasowa, ndipo mu 1950 kampaniyi idatsala pang'ono kugwa. Antchito adanyanyala ntchito, oposa 1,600 adachotsedwa, Kiichiro naye adatula pansi udindo. Chomwe chidaipulumutsa ndi nkhondo ya ku Korea, pomwe asilikali a America adaitanitsa malole ambiri. Kiichiro adamwalira mu 1952 asadaone zokoma zake.

Galimoto ya munthu wamba idadza pambuyo pake. Publica ya mu 1961 idali yotchipa koma ogula adaiona ngati yosaukitsitsa. Phunziro adalitola: munthu wosauka naye safuna chinthu chooneka chaumphawi. Mu 1966 kudabwera Corolla, yomwe pofika mu 2021 idali itagulidwa yoposa 50 miliyoni. Hiace idatuluka mu 1967, Probox mu 2002 ndipo Sienta mu 2003.

Nanga zimafika bwanji m'chigwa cha Shire? Ku Japan kuli lamulo loti galimoto yatsopano ikayesedwe ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako kumadya ndalama. Ambiri amangoigulitsa ikadali yolimba. Poti dzikolo limayendetsa kumanzere kwa msewu ngati kuno, galimotozi sizifuna kusintha chiwongolero. Zambiri zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pachipata cha Songwe, komwe bungwe la MRA limadikira msonkho wake.

Kunena zoona, galimoto yomwe imatchedwa yotchipa pa Ngabu ndi yomwe mwini wake woyamba adaitaya. Probox adaipangira amalonda onyamula katundu m'matauni a ku Japan, pomwe Sienta ndi ya banja la anthu 7. Kuno imasanduka basi. Imanyamula matumba a mapira, mayi wodwala wopita kuchipatala cha Montfort ku Nchalo, ngakhalenso mbuzi kumbuyo, pa dzuwa la mwezi wa Okutobala lomwe limasungunula phula. Madalaivala amaikonda kaamba koti siimwa mafuta kwambiri ndipo makaniko aliyense pansi pa mtengo amaidziwa. Masipeya ake sasowa ku Limbe.

Chowawa n'choti makina a Sakichi adasandutsa thonje kukhala nsalu, nsalu n'kubala fakitale ya galimoto, pomwe thonje la ku Ngabu lambiri limangochotsedwa njere n'kumangidwa mabelo, ulendo wakunja. Mlimi amagulitsa thonje losawomba, kenaka ndalama yomweyo n'kukalipira mpando m'galimoto yakale ya ku Japan.

Ndipo kutchipako kukunka kutha. Galimoto, matayala ndi masipeya zonse zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo idakwera nthawi yomweyo. Misewu yomwe anamondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 adaigumula idathyola masipuling'i osawerengeka. Mwini galimoto akafuna kubweza ndalama zake, njira yapafupi ndi kuonjeza anthu pampando ndi kuchedwetsa kusintha mabuleki. Galimoto yomweyo, itadzaza choncho, ndiyo imatsika phiri la Thabwa madzulo pochokera ku Blantyre.