Nsima imasanduka bwanji mphamvu?

Anzanga, mawu akuti respiration amatipusitsa ambirife. Tikawamva timaganiza za kupuma, mpweya kulowa ndi kutuluka m'mphuno. Ayi ndithu. Kupuma ndi ntchito ya mapapo, pomwe respiration imachitika m'kati mwa selo iliyonse yamoyo, ngakhale ya chimanga chimene chilibe mapapo n'komwe. Mukasokoneza ziwirizi pa MSCE, malikisi apita.

Tikadya nsima, thupi limaigaya mpaka isanduke glucose, ndipo magazi amanyamula shugayu kupita naye ku maselo. Ntchito imayambira mu cytoplasm. Glucose mmodzi, wa ma carbon 6, amang'ambidwa pakati kukhala ma pyruvate awiri a ma carbon 3, selo n'kupindulapo ATP 2 basi. Ine ATP ndimaiona ngati tchenji. Glucose ali ngati K5,000 yomwe amayi a zitumbuwa pageti amakana kuti alibe chosinthira; ATP ndiye tindalama ting'onoting'ono tomwe selo imalipirira ntchito iliyonse.

Okosijeni akakhalapo, pyruvate amalowa mu mitochondria n'kuphwanyidwa mpaka kutheratu. Zotsala ndi carbon dioxide ndi madzi, ndipo ATP yonse imafika 38 malinga ndi mabuku ambiri a kusukulu, ngakhale atsopano amati ndi cha m'ma 30. Imeneyi ndiyo aerobic respiration.

Nanga okosijeni akachepa? Taganizani mukuthamanga mamita 400 tsiku la masewera. Miyendo ikufuna ATP mwachangu kuposa mmene magazi angabweretsere okosijeni, ndiye minofu imaonjezera njira yachidule ya anaerobic: pyruvate amasanduka lactic acid. Njirayi ndi yachangu koma yowononga, chifukwa pa glucose yense uja mwapezapo ATP 2 zokha, mphamvu yambiri yatsalira mu lactic acid. Wefuwefu amene mumachita mutamaliza kale mpikisano n'kubweza ngongole ya okosijeni, ndipo chiwindi chimatenga lactic acid wina n'kumubwezera kukhala glucose. Koma miyendo ikamawawa mawa lake musamunamizire lactic acid, iyeyo amakhala atachoka kalekale. Zimawawazo ndi minofu yomwe yang'ambika pang'onopang'ono.

Yisiti ali ndi njira yakeyake. Iye amatulutsa ethanol ndi carbon dioxide. Mpweya umenewu ndi umene umafufumitsa mandasi, ethanol n'kuuluka ndi kutentha kwa mafuta. Thovu la masese nalonso ndi mpweya womwewo. Chambiko chimawawasa chifukwa mabakiteriya asandutsa shuga wa mumkaka kukhala lactic acid.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha kumunda. Madzi akadikha m'mizere masiku angapo, mpweya wa m'nthaka umatha, mizu ya chimanga n'kuyamba anaerobic respiration. ATP 2 sizikwanira kuti mizu ikoke chakudya cha m'nthaka, mwinanso imayamba kufa. N'chifukwa chake chimanga cha m'dambo chimachita chikasu mu Januwale ngakhale munathira feteleza wodula uja. Musanathirenso wina, yambani mwatsegula ngalande madziwo achoke.