Katemera wa Malungo ndi Mauthenga a pa Foni

Kale nkhani za umoyo zinkafika kumudzi m'njira zitatu: pa wailesi, pa msonkhano wa kwa mfumu, ndiponso pa sikelo, pamene alangizi a zaumoyo ankaphunzitsa amayi patsinde pa mtengo asanayambe kuyeza ana. Njira zimenezi zilipobe, koma masiku ano pali ina imene imathamanga kuposa zonsezi, ndiyo foni ya m'manja. Uthenga wojambulidwa m'maŵa ku Lilongwe kapena ku Johannesburg umakhala utamveka kale kuchitsime dzuŵa lisanapendeke, pakuti munthu mmodzi akaulandira pa WhatsApp kapena pa Facebook amaitana anzake kuti amve nawo. Motero ngakhale banja lopanda foni limamva za pa masamba a mchezo.

Mayi amene wakhala pa benchi ya chipatala, mwana ali kumbuyo, kaŵirikaŵiri amakhala atamva kale kanthu za katemera amene mwana wakeyo akudzalandira. Zimene wamvazo zingakhale zoona kapena zabodza, koma ndizo zimene zimamlimbikitsa kubweranso mwezi wamaŵa kapena kumgwetsa ulesi. Nzeru za akatswiri a sayansi n'zozama, ndipo zimalembedwa m'Chingerezi chovuta chimene ngakhale anthu ophunzira amachita nacho chibwibwi. Anthu ozidziŵa bwino akalephera kuzimasulira m'mawu omveka, padzapezeka ena osazidziŵa amene adzazimasulira m'njira yawoyawo.

Phunziro la chaka cha 2021

Dziko la Malaŵi lidaona kale mmene zimakhalira mphekesera zikatsogola. Katemera wa Covid-19 atafika m'mwezi wa Marichi 2021, mauthenga ambiri adali akuzungulira kale m'mafoni. Ena ankati katemerayo amatseka mphamvu yobereka, ena ankati ndi chizindikiro cha chirombo. Amene adali mtsogoleri wa dziko pa nthaŵiyo, Dr Lazarus Chakwera, adabayitsa katemerayo pamaso pa anthu ku Zomba pa 11 Marichi pofuna kuchotsa mantha, komabe ambiri adazengereza.

Pa 19 Meyi chaka chomwecho, Unduna wa Zaumoyo udatentha katemera wokwanira kubaya anthu 19,610 pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, chifukwa adali atatha mphamvu. Katemerayo adafika m'dziko muno patatsala masabata osakwana atatu kuti masiku ake athe, ndipo kuzengereza kwa anthu kudaonjezera vutolo. Undunawo udachita zimenezi poyera kuti aliyense aone kuti palibe amene adzabayidwa mankhwala otha ntchito. Chimene chidasoŵa m'midzi yambiri pa nthaŵi imeneyo ndi munthu wofotokoza modekha, m'chinenero cha anthu, chimene chili m'kabotolomo ndi chimene chimachitika chikaloŵa m'thupi.

Katemera amene adayambira kuno

Katemera wa malungo ndi chitsanzo chabwino cha nzeru zozama zimene zingathe kufotokozedwa bwino. Dzina lake m'mabuku ndi RTS,S. Akatswiri adayamba kumkonza mu 1987, ndipo kuyambira 2009 mpaka 2014 adamuyesa pa ana oposa 15,000 m'maiko 7 a muno mu Africa. Limodzi mwa malo a kafukufukuyo lidali Lilongwe. Pa 23 Epulo 2019 Malaŵi adakhala dziko loyamba pa dziko lonse kuyamba kupereka katemerayu pa sikelo, m'maboma 11, ndipo Ghana ndi Kenya adatsatira chaka chomwecho. Pa 6 Okutobala 2021 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidavomereza kuti katemerayu aziperekedwa kwa ana m'madera ovutika ndi malungo. Mu Okutobala 2023 bungwelo lidavomerezanso katemera wachiŵiri wotchedwa R21, wokonzedwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Oxford.

Mbiri imeneyi ndi yoyenera kuidziŵa, chifukwa imayankha funso limene limamveka kaŵirikaŵiri, lakuti katemerayu wangotulukira kuti. Kuchokera 1987 kufika 2019 padapita zaka 32 za kuyesa ndi kuŵerengera.

Mmene amagwirira ntchito

Malungo sayamba chifukwa cha kunyowa ndi mvula kapena kudya mango osapsa, monga ena amaganizira. Amayamba ndi tizirombo tosaoneka ndi maso timene udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles umasiya m'thupi pamene ukuluma. Tiziromboto sitidwalitsa munthu tsiku lomwelo. Choyamba timayenda ndi magazi n'kukabisala m'chiŵindi, mmene timaswana mwakachetechete kwa pafupifupi sabata imodzi, kamodzi n'kusanduka zikwizikwi. Tikatuluka m'chiŵindimo timaloŵa m'maselo ofiira a magazi n'kumaŵaphwanya. Apa m'pamene mwana amatentha thupi, kunjenjemera, kukana kuyamwa, ndipo pena magazi amamthera.

Mlimi aliyense angamve zimenezi akakumbukira anankafumbwe. Oŵerengeka okha akaloŵa m'nkhokwe, mwini wake sadziŵa kanthu. Akamadzaona fumbi la ufa pansi, ndiye kuti aswana kale ndipo chimanga chaonongeka. Chiŵindi chili ngati nkhokweyo. Ntchito ya katemera ndiyo kuthandiza thupi kugwira tizirombo tidakali pa njira, tisanakhazikike m'nkhokwemo.

Thupi lili ndi chitetezo chake, chimene alangizi amakonda kuchitcha asilikali a m'thupi. Asilikaliŵa amamenya bwino mdani amene akumdziŵa. M'katemera mulibe kachirombo ka malungo, kamoyo kapena kakufa komwe. Muli kachidutswa kofanana ndi chovala chakunja cha kachiromboko, kamene akatswiri amapanga mothandizidwa ndi yisiti wa mtundu wofufumitsira buledi. Asilikali aja akaona chovalacho amachisunga m'mutu, kotero kuti tsiku limene udzudzu udzabweretsa mwini chovala weniweni, iwo amamzindikira msanga. Ichi n'chifukwa chake katemerayu sangadwalitse mwana malungo.

Kufotokoza konseku kungathe kuloŵa mu uthenga wa mawu wa mphindi ziŵiri, ndipo agogo amene sadapite kusukulu angathe kukumva n'kukafotokozeranso mnzawo.

Choonadi chonse, osati theka

Wofotokoza aliyense amakumana ndi chiyeso apa. Pofuna kuti anthu abwere, n'kosavuta kunena kuti mwana akabayidwa ndiye kuti malungo watsazikana nawo. Mawu otere ndi okoma m'khutu ndipo amafala msanga pa foni, koma si oona.

Kafukufuku wa 2009 mpaka 2014 uja adapeza kuti pakati pa ana amene adayamba kulandira katemerayu ali ndi miyezi 5 mpaka 17, n'kumaliza kanayi konse, malungo adachepa motere m'zaka zinayi: pamene pakadakhala kudwala ka 10, kudwala kudali pafupifupi ka 6. Malungo aakulu, oika moyo pachiswe, adachepa kuchoka pa 10 kufika pafupifupi pa 7. Pambuyo pake, ana oposa 2 miliyoni atalandira katemerayu ku Malaŵi, Ghana ndi Kenya, WHO idalengeza mu 2023 kuti m'madera amene ankaperekedwa, imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zidatsika: pamene pakadamwalira ana 100, padamwalira 87. Ana 13 otsalawo ndi ana enieni amene ali m'makomo mwa makolo awo.

Ziŵerengero zimenezi zikunena zinthu ziŵiri, ndipo uthenga woona uyenera kunena zonse. Katemera amapulumutsa miyoyo, koma mwana wobayidwa angathe kudwalabe malungo. Chifukwa chake n'chomveka: nthaŵi imene tizirombo timakhala pa njira ndi yaifupi, ndipo kamodzi kokha kakapulumuka n'kufika m'chiŵindi kangathe kuswana. Ndiponso asilikali aja amayamba kuiŵala pakapita miyezi, motero pamafunika kuŵakumbutsa. Pamene katemerayu adayamba kuno mu 2019, ana ankabayidwa ali ndi miyezi 5, 6 ndi 7, kenaka kachinayi ali ndi miyezi 22. Kachinayi kameneka ndiko kamene makolo ambiri amaphonya, popeza mwana amakhala atayamba kuyenda ndipo ulendo wa ku sikelo umakhala utazirala.

Mayi amene adauzidwa kuti katemera amathetseratu malungo angathe kupinda masikito n'kuŵasunga. Mwana wake akadzadwala, iye adzanena kuti achipatala adamnamiza, ndipo mawu akewo adzayenda m'mudzi monse ndi m'mafoni momwe. Koma mayi amene adauzidwa zonse adzagonekabe mwana m'masikito usiku uliwonse, ndipo thupi likatentha adzathamangira kukayezetsa tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso ndi zovuta zing'onozing'ono za pambuyo pa jakisoni. Pobayidwapo pangathe kutupa kapena kuŵaŵa, ndipo thupi lingathe kutentha kwa tsiku limodzi kapena aŵiri. Ana oŵerengeka amakomoka chifukwa cha kutenthako, ndipo otere ayenera kupita nawo kuchipatala mosachedwa. Kholo louzidwiratu zimenezi silichita mantha likaziona.

Kwa ojambula mauthenga

Alangizi a zaumoyo, anamwino, aphunzitsi ndi achinyamata ophunzira amene ali m'magulu a pa WhatsApp a m'mudzi, a mpingo kapena a banki m'khonde ali ndi mwayi waukulu wothandiza. Uthenga wa mawu umaposa wolembedwa, pakuti umafika ndi kwa osadziŵa kuŵerenga. Wojambula ayambe ndi kutchula dzina lake, ntchito yake, chipatala chake ndi tsiku. Alankhule m'chinenero cha kuderalo, kaya ndi Chicheŵa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena. Uthenga umodzi ukhale ndi mutu umodzi. Fanizo litengedwe ku zinthu zimene anthu amazigwira ndi manja, ndipo chiŵerengero chinenedwe pa anthu 10 kapena pa 100, osati m'mawu a m'kalasi.

Asanautumize, ndi bwino kuumvetsa munthu wachikulire mmodzi n'kumpempha mwaulemu kuti, “Agogo, tandiuzani zimene mwamvapo.” Agogowo akabweza zosiyana ndi zimene zimafunika, vuto lili mu uthengawo, ndipo uyenera kujambulidwanso. Funso likabwera limene wojambulayo sakulidziŵa, ayankhe kuti akafunsa kaye kwa dokotala. Yankho lotere silichotsa ulemu. Ndiponso munthu wofunsa za mphekesera asasekedwe pagulu, chifukwa wosekedwa safunsanso, amangoleka kubwera.

Kwa olandira mauthenga

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Uthenga uliwonse wa zaumoyo ukafika pa foni, wolandira aupime ndi mafunso anayi aŵa asanaukhulupirire kapena kuutumiza kwa ena.

1. Akulankhulayo ndani? Wonena zoona sabisa dzina lake ndi kumene amagwira ntchito. Mawu akuti “dokotala wina wa kunja wanena” si umboni.

2. Uthengawu ndi wa liti, nanga ndi wa kuti? Chithunzi chakale kapena cha dziko lina chimatha kubwereranso ngati chatsopano. Ngakhale uthenga woona wa ku Ghana ungathe kutchula miyezi yobayira yosiyana ndi ya kuno.

3. Kodi ukufotokoza mmene chinthucho chimagwirira ntchito ndi pamene chimalekezera? Uthenga wolonjeza kuchiza matenda onse, ndi wina woopseza kuti onse obayidwa adzafa, onsewo ndi okayikitsa chimodzimodzi.

4. Kodi ukufulumizitsa anthu? Mawu akuti “tumizani msanga asanaufufute”, kapena kutsatsa mankhwala ogulitsa kumapeto kwake, ndi chizindikiro choti wolandira adekhe.

Uthenga ukasautsa mtima, usafufutidwe ndiponso usatumizidwe kwa ena. Mwini foni apite nawo ku sikelo, autsegule pamaso pa mlangizi kapena namwino, ndipo amve yankho pamodzi ndi amayi anzake, popeza mwina iwonso adaulandira koma akuchita manyazi kufunsa. Abambo nawonso ayenera kufika, pakuti m'mabanja ambiri foni imakhala m'thumba mwawo ndipo mawu awo ndiwo amamasula ulendo wa kuchipatala.

Pa ulendo womwewo kholo lifunse ngati katemera wa malungo akuperekedwa m'boma lawo, litsegule kabuku ka chipatala ka mwana, ndipo lione pamodzi ndi mlangizi tsiku la jakisoni wotsatira. Mwana amene adaphonya mwezi wake asasiyidwe kunyumba chifukwa cha manyazi. Achipatala adzaona pamene adalekezera n'kulangiza zoyenera. Kaya mwana walandira katemera kaya sadalandire, agone m'masikito usiku uliwonse, ndipo thupi lake likatentha apite naye kukayezetsa malungo tsiku lisanathe.