Mawu a chakudya m'chiyankhulo cha Tetum akufanana ndi a kumalire a Mulanje

Likhubula, Mulanje: Munthu wochokera ku Likhubula akazungulira phiri la Mulanje n'kuwoloka malire pa Muloza kulowa m'tauni ya Milange ku Mozambique, amamva anthu akutchula chakudya cham'mawa kuti matabicho. Mawu omwewa amamvekanso mumzinda wa Dili, likulu la dziko la Timor-Leste kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, komwe m'chiyankhulo cha Tetum amawalemba kuti matabixu. Gwero lake ndi Chipwitikizi, ndipo tanthauzo lake lenileni ndi kupha kachilombo, kachilomboko kukhala njala ya m'mawa.

Maiko awiriwa adalamulidwa ndi dziko la Portugal kufikira chaka cha 1975. Dziko la Timor-Leste lidalandidwa ndi Indonesia chaka chomwecho ndipo lidadzayamba kudzilamulira pa 20 May 2002. Malamulo ake aakulu adakhazikitsa Tetum ndi Chipwitikizi kukhala ziyankhulo za boma. Mmodzi mwa atsogoleri ake, a Mari Alkatiri, omwe adakhala nduna yaikulu yoyamba mu 2002, adatha zaka zambiri ali ku Maputo pa nthawi ya ulamuliro wa Indonesia.

Wophunzira Tetum amayamba ndi mawu a zochitika za tsiku: hadeer ndi kudzuka, hariis ndi kusamba, te'in ndi kuphika, han ndi kudya, hemu ndi kumwa, pomwe toba ndi kugona. M'mawa ndi dadeer ndipo usiku ndi kalan, choncho chakudya chamadzulo chimatchedwa han kalan. Mawuwa ndi osavuta kuloweza chifukwa aneni a Tetum sasintha maonekedwe potengera wochita kapena nthawi monga momwe zimakhalira m'Chichewa.

Chidwi chachikulu chili pa chakudya chenichenicho. Mpunga uli ndi maina atatu: uli m'munda ndi hare, wopuntha koma wosaphika ndi foos, ndipo wophika ndi etu. Mchewa sangadabwe nazo, pakuti nayenso amasiyanitsa chimanga, mphale, ufa ndi nsima. Mlendo wopempha foos pa nthawi ya nkhomaliro angapatsidwe mpunga wauwisi, monga momwe wopempha ufa pa Chitakale sangayembekezere nsima yotentha.

Chimanga ndi batar, ndipo batar da'an ndi chimanga chophika pamodzi ndi nyemba ndi maungu. Chinangwa ndi ai-farina, kutanthauza mtengo wa ufa, pakuti ai ndi mtengo pomwe farina adachokera ku Chipwitikizi. Mchere ndi masin, koma shuga ndi masin-midar, kapena kuti mchere wotsekemera. Tiyi, mbewu yomwe idatchukitsa boma la Mulanje, ndi xá, ndipo chilembo cha x chimamveka ngati sh. Chichewa nachonso chidabwereka ku Chipwitikizi mawu monga mbatata, nsapato ndi kapitawo, omwe lero palibe amawaona ngati achilendo.

Mawu oyenera kuwasamala kwambiri ndi modo. Amatanthauza masamba, komanso chilichonse chodyera mpunga, ngakhale ikan, yomwe ndi nsomba, kapena na'an, yomwe ndi nyama. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya mawu akuti ndiwo, ndipo vuto lake ndi limodzi. Mlangizi wa zaumoyo akafunsa mayi ngati mwana wadya ndiwo, yankho lakuti inde silinena ngati zinali nkhwani, nyemba kapena usipa. Momwemonso, mayi yemwe mwana wake wadya chinangwa ndi nthochi angayankhe kuti mwanayo sadadye, chifukwa kwa ambiri kudya n'kudya nsima. Kalembera wosadziwa izi amalemba zolakwika, ndipo zolakwikazo ndi zomwe zimakafika ku ofesi ya boma.

Nkhaniyi si yaing'ono ku maiko onse awiri. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ku Malawi adali opinimbira, pomwe kafukufuku wa 2020 ku Timor-Leste adapeza ana 47 mwa 100 aliwonse.

Pa Likhubula penipeni, pomwe pali ofesi ya zankhalango ndipo alendo ambiri amayambira ulendo wokwera phiri, kusinthana mawu otere kumachitika tsiku lililonse. Anyamata operekeza alendo ndi onyamula katundu amagona nawo m'nyumba za paphiri monga Chambe ndi Lichenya, ndipo mawu oyamba omwe mlendo amagwira ndi madzi, moto, nkhuni ndi nsima. Phirili, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, lidalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2025.

Anthu ambiri a m'derali ndi Alhomwe, omwe makolo awo adachokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ambiri n'kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi. Chiyankhulo chawo chidacheperachepera m'makomo Chichewa chitafala, koma zakudya monga kalongonda zikadadziwikabe, ndipo zimaphikidwa pa chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe chomwe chimachitikira pa Chonde m'boma lomweli mwezi wa October.