Rula, thabwa ndi kope: yezani nokha nyengo yozizira pakhomo panu

"Inu a zanyengo ndinu abodza. Munati usiku kugwa chipale chofewa, koma ife tadzukira matope okhaokha." Mawu amenewa ndimawamva chaka ndi chaka Disembala akangolowa, makamaka kwa abale athu okhala kuno ku Britain akadziwa ntchito imene ndimagwira. Koma m'mawa womwewo, munthu wina wokhala kumtunda, makilomita owerengeka chabe, amakhala ali kalikiliki ndi fosholo kuti galimoto ituluke pageti. Onse awiri anamvera wailesi imodzi.

Palibe ananama. M'dziko lino chipale chimakonda kugwa mpweya ukakhala pakati pa madigiri 0 ndi 2, choncho digiri imodzi yokha ndiyo imagamula ngati kugwe mvula kapena chipale. Mukakwera mamita 100, mpweya umazizira ndi theka la digiri n'kanthu pang'ono. Pakati pa tauni, pamene pali nyumba zothithikana ndi misewu yatala, pamafunda kuposa kumidzi. Ife tikamalosera timanena za chigawo chonse. Za pakhomo panu amazidziwa ndi munthu amene wayeza pomwepo, ndipo munthuyo angathe kukhala inuyo.

Ambiri amaganiza kuti ntchito yathu ndi ya makompyuta akuluakulu ndi masetilaiti basi. Zimenezo zilipodi, koma maziko ake anayalidwa ndi anthu wamba odzuka m'mawa n'kulemba zimene apeza. Mu 1860, George James Symons anayamba kusonkhanitsa miyezo ya mvula kuchokera kwa anthu ongodzipereka, ndipo pamene ankamwalira mu 1900 anthuwo anali atapitirira 3,000. Mu 2020, nthawi ya Covid-19, katswiri wa payunivesite ya Reading, Ed Hawkins, anapempha anthu kuti athandize kulowetsa m'kompyuta mapepala akale a mvula olembedwa pamanja. Anthu pafupifupi 16,000 anavomera, ndipo anakopera miyezo yoposa 5 miliyoni pamasabata awiri ndi masiku ochepa. Manambala amene munthu analemba kuseri kwa nyumba yake zaka zoposa 100 zapitazo ndi amene lero akutiuza mmene nyengo ikusinthira.

Zida zake n'zosaboola m'thumba: rula, thabwa lathyathyathya lopaka penti yoyera, chitini chowongoka bwino m'mbali, choyezera kutentha ndi kuzizira chimene chimasunga nambala yotsikitsitsa ya usiku, ndi kope. Chovuta si zida ayi. Chovuta n'kusunga lamulo lakuti malo akhale amodzimodzi, nthawi ikhale imodzimodzi, kayezedwe kakhale kamodzimodzi. Bungwe la zanyengo la Met Office limawerengera tsiku lake la miyezo kuyambira 9 koloko m'mawa. Ngati nthawi imeneyo mumakhala kuntchito, sankhani ina, koma mukasankha musamasinthesinthe.

Tiyambe ndi chipale. Thabwa lija liikeni pansi pabwalo, kutali ndi khoma, mpanda ndi mitengo, ndipo muzike kamtengo pambali pake kuti likakwiririka musavutike kulipeza. Timalipaka zoyera kuti lisamwe dzuwa n'kusungunula chipale chisanayezedwe. Pa kapinga sitiyezapo chipale chatsopano, chifukwa udzu umachinyamula m'mwamba ndipo rula imalowa mpaka m'mpata wa pansi n'kukupatsani nambala yokokomeza. M'mawa zikani rula chilili mpaka igunde thabwa, gwadani kuti diso lilingane ndi pamwamba pa chipalecho, werengani masentimita. Kenako sesani thabwalo n'kulisanjika pamwamba pa chipale chakale, kuti mawa lidzakuuzeni chatsopano chokha.

Apa pali manambala awiri amene anthu amawasokoneza. Yoyamba ndi ya chipale chimene chagwa kuchokera dzulo. Yachiwiri ndi kuya kwa chonse chimene chili pansi. Chipale chimatsendereka chokha, china chimasungunukira pansi, ndiye mukhoza kulemba masentimita 5 Lolemba ndi ena 5 Lachiwiri koma pabwalo n'kupeza 7 osati 10. Simunalakwitse. Kukakhala mphepo, chipale chimaunjikana kukhoma kwina n'kusiya poyera, choncho yezani malo angapo osiyana, phatikizani, n'kugawa ndi kuchuluka kwa malowo. A Met Office amati tsiku lili ndi chipale pansi ngati chakuta malo opitirira theka pa 9 koloko m'mawa, ndipo inunso mukhoza kutsata muyezo womwewo.

Nambala imene ife timaikonda koposa ndi ya madzi amene ali m'chipalemo. Vundikirani chitini chija pa thabwa, dulani chipale cholingana ndi kukamwa kwake, lowani nacho m'nyumba chitavindikiridwa kuti chisungunuke pang'onopang'ono, kenako yezani kuya kwa madziwo. Mwachidule timati masentimita 10 a chipale amatulutsa mamilimita 10 a madzi, ndipo milimita imodzi ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Koma chipale sichifanana. Chogwa kukuzizira kwambiri chimakhala chouma, chopepuka, chokana kuumbika, ndipo madzi ake ndi ochepa. Chogwa pafupi ndi ziro chimakhala chonyowa, chomata, ana amaumbira zidole, ndipo kulemera kwake kumatha kuwirikiza. Chimenechi ndicho chimathyola nthambi ndi kudula mawaya a magetsi, komanso chikasungunuka msanga pamodzi ndi mvula mitsinje imasefukira.

Komabe ndikuuzeni zoona: chimene chimagwetsa anthu ambiri m'nyengoyi si chipale, chifukwa chipale chimaoneka. Choopsa ndi madzi oundana, ndipo amakonda usiku umene anthu amauona ngati wabwino, wopanda mitambo, wopanda mphepo, nyenyezi zili ngwee. Usiku wotere nthaka imataya kutentha kwake kupita kumwamba popanda chotchinga, ndipo pansi pamazizira kuposa mpweya wa pamwamba pake. Mpweya wozizirawo ndi wolemera, umatsetserekera kumalo otsika. Aliyense amene anadutsapo padambo m'bandakucha wa Juni kumudzi akudziwa mmene kuzizira kumamuwombera akangotsika, n'kumusiya akangokwera kumtunda. N'chifukwa chake kuzizira kwa madigiri 27.2 pansi pa ziro, komwe sikunapitiriridwepo m'dziko lino, kunalembedwa m'zigwa za ku Scotland: ku Braemar mu 1895 ndi 1982, ndi ku Altnaharra mu 1995.

Nambala imene mumamva pa wailesi imayezedwa mamita 1.25 kuchokera pansi, m'kabokosi koyera kolowa mphepo kamene Thomas Stevenson anakonza mu 1864. Ndiye wailesi ikhoza kunena madigiri 3, koma galasi la galimoto n'kudzuka litauma gwa, ndipo masitepe a pakhomo akuterera. Choyezera chanu musachimate pawindo kapena pakhoma la nyumba, pakuti chidzayeza kufunda kwa m'nyumba mwanu. Chipachikeni pamthunzi, cha kumpoto, pamtengo wofika m'chifuwa. Mukakhala ndi chachiwiri, chigonekeni pa kapinga madzulo. Kusiyana kwa ziwirizo usiku wopanda mitambo kudzakudabwitsani.

M'kope lembaninso zimene maso aona. Kodi pa udzu payera chisanu? Kodi madzi a m'ndowa ya panja aundana, ndipo achindikala bwanji? Kodi masana kunasungunuka, usiku n'kuundananso? Tsiku lotero ndilo limabala madzi oundana osaoneka pa tala, ongokhala ngati msewu wanyowa chabe. Makhonsolo amathira mchere m'misewu ikuluikulu, wambiri wochokera kumgodi wa ku Winsford ku Cheshire, koma kukazizira kupitirira madigiri 5 pansi pa ziro mphamvu ya mcherewo imayamba kuchepa, ndipo kanjira ka pakhomo panu palibe amene amakathira. Madzi akaundana amafufuma ndi magawo 9 pa 100 alionse, n'chifukwa chake mapaipi amang'ambika. Kawirikawiri mwini nyumba amadzazindikira tsiku lofunda, madzi atayamba kuchucha kudenga.

Pali chinthu chimodzi chimene oyamba kumene amachinyoza: kulemba ziro. Tsiku limene sikunagwe kanthu, lembani 0. Mukasiya mpata, wodzawerenga sadzadziwa ngati kunalibe chipale kapena munagonereza. Ngati munachokapo, lembani kuti munachokapo. Musamalembe nambala ya m'mutu kapena yokopera pafoni, pakuti ya pafoni nthawi zambiri ndi yolosera, kapena ndi ya pamalo oyezera a kutali ndi kwanu.

Mtima wa munthu umasunga zodabwitsa zokha. Akuluakulu kuno amakamba za kuzizira kwa 1963, ena za Disembala wa 2010, achinyamata za chipale cha kumapeto kwa Febuluwale 2018, ndipo zaka zonse za pakati zimangosakanikirana. Kope siliiwala. Mukaliyamba pa 1 Novembala n'kulitseka kumapeto kwa Malichi, mudzadziwa tsiku la chisanu choyamba ndi chomaliza, mbali ya bwalo imene imachedwa kusungunuka, ndi madigiri amene muyenera kuchotsera pa nambala ya pa wailesi kuti mupeze ya pakhomo panu. Pofika chaka chachiwiri, mukadzamva kuti usiku kukhala madigiri 3 ndipo kumwamba kuyera, simudzadikira wina akuuzeni kuti mchere uthiridwe pamasitepe madzulo omwewo, ndi kuti agogo asatuluke m'mawa dzuwa lisanafike pakhomo.