Pizza yozizira, woperekera wamwano

Loweruka lapitali ndinatenga chibwenzi changa kupita nacho ku lesitilanti ina ya Chitaliyana mu Blantyre muno, ati chikalaweko pizza, chakudya chotchuka cha ku Naples.

Abale inu, tinakhala mphindi 40 popanda wotipatsa ngakhale madzi! Koma mabwana ovala masuti omwe anatipeza analandiridwa ndi manja awiri.

Pizza itabwera inali yozizira, tchizi atauma gwa! Nditadandaula, woperekera anangoti: "Achimwene, ngati simunazolowere zimenezi, nenani." Manyazi ake! Ndinalipira, koma sindidzapondakonso.

Inu a mumsika wa Limbe mukudziwa: ndalama ya wovala patapata ndi yomweyo ya wovala suti. Mayi wogulitsa nsima amakusambitsa m'manja, n'kukuonjezera kansuzi. Mawa umabweranso.