KUSERI KWA NSALU YA MASEWERO KULI NCHITO

Pa mphambano ya miseu ya Church ndi Nasser mu mzinda wa Lusaka pali nyumba ya masewero yochedwa Lusaka Playhouse, imene azungu anamanga m'zaka za m'ma 1950. Masiku a utsamunda munthu wa ku Matero kapena ku Kanyama sanali kulandiridwa m'nyumbayi. Lero acinyamata a m'makomboni amaseweramo, ndipo mwana wa sukulu amene aloledwa kupita kuseri kwa nsalu yaikuru amaona zinthu zimene woonerera saziona.

Kuseriko kuli zipinda zobvalira, magalasi, zingwe, makwerero ndi mabokosi a zobvala. Nyumba ya mfumu imene woonerera aiyesa yeniyeni, kuseri imapezeka kuti ndi matabwa ndi nsalu yopaka utoto. Munthu wina amayang'anira nyali, kuti dzuwa lituluke ndi kulowa pa nthawi yace. Winanso amagwira buku la sewero, nauza wosewera aliyense nthawi yolowa. Iyeyu saoneka ndipo saomberedwa m'manja, koma akangolakwa, sewero lonse limasokonezeka. Eni mudzi adziwa kale zimenezi: gule sakoma pa bwalo ngati ku dambwe sikunakonzeke.

Komabe masewero safuna nyumba yokwera mtengo. M'caka ca 1969 ophunzira a pa University of Zambia, pamodzi ndi mphunzitsi wao Michael Etherton, anayambitsa gulu la Chikwakwa Theatre. Dzinali analitenga ku cikwakwa comwetera udzu. Bwalo lao linali lapoyera, lopanda denga, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anayenda m'zigawo za dziko kukasewera m'zinenero za anthu eni ace. Pa maulendo otere nchito ya kuseri inali pa mapewa a osewera okha: kunyamula katundu, kulambula bwalo ndi kupempha cilolezo kwa akuluakulu a pamalopo.

M'zaka zomwezo Kabwe Kasoma analemba sewero la Black Mamba, lonena za nkhondo yomenyera ufulu. M'caka ca 1975 kunabadwa bungwe la ZANTAA logwirizanitsa magulu a masewero a Azambia, ndipo m'zaka za m'ma 1980 komboni ya Kanyama inachuka ndi gulu lace limene linayenda kutali ndi masewero.

Makolo ambiri, akamva mwana ali kunena za masewero, amaganiza kuti afuna kuthawa khasu ndi mabuku. Mantha amenewa ali ndi cifukwa cace, pakuti ndi ocepa amene amadya za masewero okha. Koma mwana amene wakhala kuseri kwa nsalu amaphunzira kupala matabwa, kusoka, kulumikiza magetsi, kusunga nthawi ndi kumvera mnzace, pakuti mutu umodzi susenza denga. Luso limenelo amapita nalo kulikonse, ngakhale ataleka kusewera.